Thiraki imene kompyuta inaiwala pa chipata cha Mwanza

Okutobala akalowa, msewu wa M6 wochokera ku Zalewa kukafika pa chipata cha Mwanza sugona tulo. Feteleza wotsika m'sitima ku doko la Beira amayenera kufika kwa alimi mvula isanagwe, choncho mathiraki amandandalika kuyambira ku Zobue, mbali ya Mozambique, pamodzi ndi matanki a mafuta ndi ena amene adutsa ku Nyamapanda ndi ku Tete kuchokera kum'mwera. Thiraki iliyonse ili ndi mapepala ake, ndipo amene amathamanga nawo ndi ajenti. Zamsonkho zimalowetsedwa mu ASYCUDA, makina opangidwa ndi bungwe la UNCTAD amene a MRA amagwiritsa ntchito, koma makinawo sakumbutsa ajenti kuti dalaivala uje wakhala akudikira kuyambira dzana, kapena kuti mwini katundu uje sanatumizebe ndalama. Zimenezo ofesi iliyonse imadzionera yokha, ena m'kope lachikuto cholimba, ena mu Excel, ena m'mutu basi.

Ofesi imene ndikunena pano inali yaing'ono: mwini wake, mtsikana wa pa desiki, ndi anyamata othamanga ndi mapepala. Mwini ofesiyo anali ndi mwana wa mlongo wake amene ankaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, mnyamata wakhama amene anaphunzira chilankhulo cha C kudzera m'maphunziro aulere a pa intaneti, a mtundu wa CS50 ya ku Harvard, kumene wophunzira amapatsidwa ntchito yomanga yekha hash table. Ataona amalume ake akufufuza thiraki m'kope mpaka kunyowetsa chala ndi malovu, anawalembera kapulogalamu: ulembe nambala ya thiraki, iko kakuuze katundu wake, mwini wake, ndi pamene mapepala afika. Madzulo kankatulutsa mndandanda wa mathiraki amene akadali kudikira, kuti anyamata adziwe poyambira mawa. Pulogalamuyi inali ya m'ofesimo yokha, sinkakhudzana ndi makina a boma. Ndipo inagwira ntchito bwino miyezi yonse ya chisanu, mpaka kope lija linaikidwa m'dirowa.

Amene sanaionepo hash table aganize za mabokosi a makalata a ku positi ofesi. M'malo mofufuza kalata yanu m'thumba lonse, mumapita pa bokosi limodzi lokha. Pulogalamu imatenga nambala ya thiraki, nkuisandutsa chiwerengero kudzera m'kasamu kotchedwa hash, kenako nkugawa chiwerengerocho ndi kuchuluka kwa mabokosi. Chotsala ndicho nambala ya bokosi. Mnyamatayu anayamba ndi mabokosi 64. Thiraki imene chiwerengero chake ndi 200 inkapita ku bokosi 8, chifukwa 200 ukagawa ndi 64 patsala 8. Ziwiri zikagwera bokosi limodzi, zimalumikizidwa chimodzi kumbuyo kwa chinzake, njira imene Hans Peter Luhn wa ku IBM anailongosola kale mu 1953. Koma m'bokosimo simukhala uthenga weniweniwo. Mumakhala adiresi ya malo a mu memory pamene uthengawo wasungidwa, ndipo adiresi yotereyi ndiyo pointer. Bokosi likakhala lopanda kanthu, adiresi yake imakhala NULL, kunena kuti ziro, malo amene kulibe.

Tsiku lina masana, mzere wa feteleza utafika pachimake, mtsikana wa pa desiki analemba nambala ya thiraki, pulogalamu nkuzimiririka. Pa sikirini panangotsala mawu awiri achingerezi: Segmentation fault. Anaiyatsanso, inagwanso. Madzulo mndandanda unakana kutuluka.

Mawu awiriwa amaopsa ophunzira ambiri, koma chimene chimachitika n'chosavuta kuchimva. Kompyuta imapatsa pulogalamu iliyonse zigawo za memory zimene ingakhudze, ndipo adiresi ziro ndi zoyandikana nayo amazisiya dala zopanda mwini. Pulogalamu ikatambasula dzanja kumeneko, purosesa imaimitsa ntchito pompo, Linux nkutumiza chizindikiro chotchedwa SIGSEGV, chimene nambala yake ndi 11, ndipo pulogalamu imafa. Amene anakonza zimenezi anachita dala. Anaona kuti kuli bwino pulogalamu igwe pagulu, aliyense aone, kusiyana n'kuti iwerenge zinyalala nkumazipereka kwa anthu ngati zoona.

Mwini ofesi anaimba foni usiku womwewo.

"Mphwanga, chinthu chako chija chatigwetsa ulesi lero. Madalaivala adzaza pakhonde, ife tikungoyang'anana."

"Pepani amalume, ndichiona usiku uno."

"Usachione, uchikonze. Ine ndikufuna mawa chisazime, basi."

Mnyamatayo anachita zimene anauzidwa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna wowerenga aime pang'ono. Anapeza mzere pamene pulogalamu inkagwera. Unali mzere wotenga yankho la hash table nkuwerengamo katundu wa thiraki, osayamba waona ngati yankholo lili ndi kanthu. Anafufuza pa intaneti, napeza malangizo amene aliyense amapereka: usanagwiritse ntchito pointer, yamba waona ngati si NULL. Anawonjezera mzere umodzi wonena kuti yankho likakhala NULL, pulogalamu ilumphe thiraki imeneyo ipitirire kutsogolo. Anaiyesa ndi manambala angapo, sinagwe. M'mawa amalume ake anamutumizira ya mayunitsi pa foni pomuthokoza.

Malangizo aja si abodza. Kuona ngati pointer ili NULL ndi khalidwe loyenera, ndipo ndimalimbikitsa aliyense wolemba C kuti alizolowere. Vuto lili pa chimene umachita ukaipeza NULL-yo. Mu hash table, NULL ndi yankho, ndipo yankholo lingatanthauze zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Lingatanthauze kuti chinthu mukufunacho sichinalowetsedwepo, zimene n'zabwinobwino: thiraki yachilendo yafika, ilembeni. Lingatanthauzenso kuti chinthucho chinalowetsedwa koma pulogalamu yachitaya, ndipo apo ndiye kuti nyumba ikupsa. Chilankhulo cha C chimapereka ziro yemweyo pa zonse ziwiri. Tony Hoare, katswiri wa ku Britain amene anaika null m'chilankhulo cha ALGOL W mu 1965, anaima pamaso pa anzake ku London mu 2009 nkuvomera kuti chinali cholakwa chimene chawonongetsa ndalama zokwana biliyoni ya madola, ndipo anati anachiikamo chifukwa chinali chosavuta kupanga. Mnyamata wa ku Mwanza sanadzifunse kuti NULL yake inali ya mtundu uti. Mndandanda wa madzulo unkatenga manambala a mathiraki amene mtsikana uja anawalowetsa ndi manja ake m'mawa womwewo. Panalibe chifukwa chilichonse chabwino chakuti hash table iyankhe kuti siikuwadziwa. Funso limenelo likanamupulumutsa, koma safunsa anadya phula.

Pulogalamu inasiya kugwa. Mndandanda unkatuluka madzulo alionse, waukhondo, waufupi bwino, ndipo anyamata ankasangalala kuti ntchito ikuyenda. Chimene sankadziwa n'chakuti mndandandawo unali waufupi chifukwa mathiraki ena ankalumphidwa mwakachetechete. Mtsikana wa pa desiki akafufuza nambala ina, sikirini inkangokhala duu, iye nkuganiza kuti mwina anaiwala kuilowetsa chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito, nkuilowetsanso. Motero thiraki imodzi inayamba kukhala ndi mbiri ziwiri: ina yonena kuti mwini katundu walipira, ina yonena kuti sanalipire. Chozunguza mutu n'chakuti osowawo ankasinthasintha. Imene yasowa lero mawa inkapezeka, ina nkusowa m'malo mwake. Ena anati ndi vairasi, ena anati ndi kuthimathima kwa magetsi. Mwini ofesi anayamba kumuyang'ana ndi diso lina mtsikanayo, mpaka anamukalipira pamaso pa makasitomala kuti maganizo ake ali pa foni. Mwa zonse zimene zinachitika, ichi ndi chimene chimandipweteka kwambiri, chifukwa munthu wosalakwa anasenza mlandu wa mzere umodzi umene iye sakanatha ngakhale kuuwerenga.

Zinaululika pamene dalaivala wina wachikulire analowa m'ofesi atavula chipewa, nkhope itagwa.

"Bwana, ndakhala ndikugona m'galimoto kuyembekeza kuti mundiitana. Anzanga amene ndinabwera nawo atsitsa kale ku Blantyre, abwereranso ku Beira. Ndalama ya chakudya yandithera. Kodi mapepala anga alakwa chiyani?"

Mapepala ake sanalakwe kanthu. Anali m'kabati, osakhudzidwa, chifukwa nambala yake sinatulukepo pa mndandanda. Mwini thiraki anawerengera masiku onse amene galimoto inaima chabe, mwini feteleza anakana kulipira, ndipo ngongoleyo inagwera ajenti.

Amene anathandiza anali mayi wina wolemba mapulogalamu ku Blantyre, mnzake wa mayi ake a mnyamatayo, amene anali kudutsa ku Mwanza pa ulendo wake. Anakhala pansi ndi mnyamatayo, ndipo choyamba chimene anachita chinamudabwitsa: anafufuta mzere uja wolumpha NULL.

"Anti, ikagwanso nanga?"

"Ndikufuna igwe, mwanangu. Ikagwa ndiye itiuza pamene pakupweteka. Unaitseka pakamwa, sunaichize."

Anamanganso pulogalamuyo ndi gcc atawonjezera -g, kuti mayina ndi manambala a mizere asungike, nkuiyendetsa mkati mwa chida chofufuzira zolakwa chotchedwa gdb pogwiritsa ntchito failo ya tsiku limene inagwa koyamba. Inagwa pompo. Analemba bt, gdb nkuonetsa njira yonse imene pulogalamu inadzera kufikira pogwerapo. Anafunsa adiresi imene inakanidwa, inali 0x18, imene ndi 24 pa kawerengedwe kathu. Mayiyo anamuonetsa kuti adiresi yaing'ono chonchi ndi chidindo cha NULL: pulogalamu inatenga ziro nkuwonjezera mabayiti 24 kuti ifike pamene pamakhala dzina la katundu. Ikanakhala adiresi yaitali yosamveka, akanaganiza zina, monga memory imene inabwezedwa kale ndi free kapena mabokosi opangidwa ndi malloc osayeretsedwa, pakuti malloc sapukuta zimene wapeza, pamene calloc amaika ziro ponseponse. Pa matenda amenewo zida za Valgrind ndi AddressSanitizer ndizo zimathandiza. Koma pano zidazo zikanangobwereza zimene gdb inanena kale, kuti pagwa apa. Palibe chida chimene chikanawauza chifukwa chake bokosi linali lopanda kanthu, ndipo nthawi yonse imene mzere wolumpha uja unalipo, zidazo sizikanaona cholakwa n'chimodzi chomwe, chifukwa pulogalamu sinkakhudza memory yoletsedwa. Inkangonama mwaulemu.

"Pamene yagwera tapaona," anatero mayiyo. "Tsopano tiyeni tipeze pamene inapunthwa. Thiraki iyi inalowa?"

Anayang'ana mu failo. Inalimo.

"Inalowa m'bokosi liti, ndipo tikuifunira m'bokosi liti?"

Anauza pulogalamu kuti izilemba nambala ya bokosi polowetsa ndi pofufuza. Thirakiyo inalowa m'bokosi 8, koma inkafunidwa m'bokosi 72. Mnyamatayo anakhala chete kanthawi, kenako anagwira kumutu, chifukwa anakumbukira chimene analemba yekha miyezi yapitayo nkuchiiwala. Anawerenga kuti hash table ikadzaza kwambiri imayamba kuchedwa, choncho anaika lamulo lakuti mathiraki akapitirira 48, amene ndi magawo atatu mwa anayi a 64, mabokosi achuluke kufika 128. Anagwiritsa ntchito realloc, nakumbukira ngakhale kuika ziro m'mabokosi atsopanowo, chinthu chimene ambiri amaiwala. Chimene sanachite ndi kusamutsa zimene zinali kale m'mabokosi akale. Kuchuluka kwa mabokosi kukasintha, samu yopezera bokosi imasinthanso. Chiwerengero 200 ukachigawa ndi 64 patsala 8, koma ukachigawa ndi 128 patsala 72. Kalata inali m'bokosi 8, mwini wake nkumatsegula 72, nkumapeza mulibe kanthu.

Ndipo samu yomweyo inalongosola kusinthasintha kuja. Chiwerengero 136 chimasiya 8 kaya ugawe ndi 64 kaya ndi 128, ndiye thiraki yotero inkapezeka bwinobwino. Pafupifupi theka la mathiraki olowa mabokosi asanachuluke linkakhala pamalo ake, theka lina nkusowa. Posunga failo usiku, pulogalamu inkayenda m'mabokosi onse, choncho palibe chimene chinkafufutika. M'mawa zonse zinkalowanso mu dongosolo lina, ndipo 48 oyambirira a tsikulo ankakhala ena. Miyezi ya chisanu ofesiyo sinkafika pa mathiraki 48 odikira nthawi imodzi, ndiye mbali imeneyo ya pulogalamu inali isanayendepo ndi kamodzi komwe. Inadzuka tsiku limene ofesi inkaifuna kwambiri.

Wina angati izi ndi za ana asukulu. Ayi. Pa 12 Juni 2025 ntchito zambiri za Google Cloud zinaima m'maiko ochuluka kwa maola angapo, ndipo makampani odalira Google, monga Spotify, anavutika nawo. Malinga ndi lipoti la Google, pa 29 Meyi anawonjezera mbali yatsopano mu pulogalamu yotchedwa Service Control, koma mbaliyo sinayende poiyesa chifukwa panalibe uthenga woidzutsa. Patapita masabata awiri kunalowa uthenga wokhala ndi malo ena opanda kanthu, unafalikira m'makina a dziko lonse m'masekondi ochepa, mbali yogona ija inadzuka nkukumana ndi null pointer, ndipo pulogalamu inkagwa, kuyatsidwa, kugwanso. Matenda ake ndi omwewo a ku Mwanza: njira imene palibe anaipondapo kufikira tsiku la tsoka.

Za CrowdStrike zimaphunzitsa china. Pa 19 Julaye 2024 makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi kuwerengera kwa Microsoft, anagwa m'mabwalo a ndege, m'zipatala ndi m'mabanki chifukwa cha pulogalamu ya kampaniyi. Tsiku lomwelo anthu ambiri odziwa za makompyuta analengeza motsimikiza kuti ndi null pointer, atangoona chithunzi cha pamene inagwera. Lipoti la CrowdStrike litatuluka linanena zina: pulogalamu inkayembekeza zinthu 21 koma inapatsidwa 20, ndipo pofuna kuwerenga cha 21 inatuluka kunja kwa malire. Chizindikiro chinali chofanana, gwero linali lina. Ndimatchula nkhaniyi chifukwa chiyeso chachikulu kwa munthu wofufuza segmentation fault ndi kuthamangira dzina la matenda limene akulidziwa kale. Mu hash table yokha, NULL ingatulukire m'makomo ambiri: kuyenda pa mndandanda wa m'bokosi osayamba waona ngati bokosilo lili ndi woyamba, kuchotsa woyamba osauza bokosi kuti wachiwiri ndiye watsogola, malloc kukana kupereka memory, kapenanso nambala imodzimodzi kulembedwa pena ndi mpata pakati pena popanda mpata, zimene pa chipata chodutsa magalimoto a ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa zimachitika tsiku lililonse. Onsewa amagwetsa pulogalamu mofanana, ndipo onsewa angabisike ndi mzere umodzi womwe uja.

Kukonza kwenikweni kunali kwa mizere yochepa: kupanga mabokosi atsopano ndi calloc, kuyenda m'akale onse, kuwerengeranso bokosi la thiraki iliyonse ndi chiwerengero chatsopano, kenako kubweza akalewo. Koma mayi uja sanalole kuti aime pamenepo. Anamulembetsa kapulogalamu koyesera kolowetsa manambala opeka 1,000 nkuwafufuza onse mmodzimmodzi, kuti mabokosi achuluke kangapo iwo akuona. Anayamba ndi kukayesa pa pulogalamu yakale, kuti atsimikize kuti kakugwira wakubayo, ndipo manambala ambirimbiri anasowadi. Pa yatsopano onse anapezeka. Kenako anabwezeretsa mzere woona NULL, koma mosiyanitsa. Pa desiki, nambala ikapanda kupezeka, pulogalamu imanena poyera kuti thirakiyi mulibe ndipo imafunsa ngati ilembedwe ngati yatsopano. Pa mndandanda wa madzulo, pamene NULL sayenera kupezeka konse, pulogalamu imalemba nambala ya thirakiyo ndi mawu akuluakulu akuti china chalakwika, imaonetsa kuti yalandira angati ndipo yapeza angati, ndipo imakana kutulutsa mndandanda woperewera.

Mnyamatayo anafunsa ngati amalume ake sadzakwiya ikadzakana chonchi pa tsiku lotanganidwa.

"Adzakwiya ola limodzi," anayankha mayiyo. "Pita ukawafotokozere zonse wekha, ndipo ukayambe ndi kuwauza kuti mtsikana uja sanalakwe."

Anapita, ndipo mwini ofesi anapepesa kwa mtsikanayo, ngakhale kuti mawu onenedwa pamaso pa anthu sabwezeka msanga. Kope lachikuto cholimba linatulutsidwa m'dirowa, ndipo kwa masabata otsatira iye ndi mnyamatayo ankakhala madzulo kufananiza malisiti ndi mbiri ziwiriziwiri zija, kuti adziwe amene analipiradi ndi amene ofesi inawalipiritsa kawiri. Ena anabwezeredwa ndalama zawo. Mwini feteleza uja sanadikire kuti amve za mabokosi 64 ndi 128. Katundu wake wotsatira anadutsa pa Mwanza m'manja mwa ajenti wina.